Mafunso ndi Mayankho: Kodi mphunzitsi mwini wake amapindula chiyani?

Tsamba lino limayankha makalata a awerengi pa nkhani za sukulu ndi ntchito. Woyankha ndi mayi amene anagwira choko kwa zaka 33 m'sukulu za pulaimale za m'chigawo cha kumpoto, ndipo atapuma pa ntchito anakhazikika mumzinda wa Mzuzu. Mwezi uno tasankha makalata atatu okhudza uphunzitsi, ndipo monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawasunga.

FUNSO

Madamu, ndine mtsikana wa zaka 20 ndipo ndimakhala ku Chibavi. Ndinakhoza mayeso a MSCE, ndipo dzina langa latuluka pa mndandanda wa opita ku koleji ya aphunzitsi ya Karonga. Mayi anga akondwera, koma amalume, amene ankandilipirira fizi ku sekondale, akuti uphunzitsi ndi ntchito ya anthu amene kwina kwawakanika, ndiponso akuti mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amagwira ndalama zambiri pa mwezi kuposa mphunzitsi. Za ubwino umene dziko limapeza kwa aphunzitsi ndamva kale. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, kodi mphunzitsi mwini wakeyo amatsala ndi chiyani?

YANKHO

Mwana wanga, amalume ako usawaone ngati akukutsekera njira, chifukwa munthu amene anakulipirira fizi kwa zaka zinayi ali ndi ufulu wofunsa kuti thukuta lake libala chiyani, ndipo pa nkhani ya malipiro sananame kwenikweni. Mphunzitsi wa pulaimale amayambira pa giredi ya PT4, ndipo malipiro a pamenepo, ukachotsapo lendi ya nyumba ya kuno ku Mzuzu, ufa, makala ndi ndalama yoyendera, amakhala atatsala ochepa mwezi usanafike pakati. Udziwenso kuti ukamaliza zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi wa pulaimale otchedwa IPTE, kalata ya ntchito siikhala ikukudikira pakhomo, pakuti ambiri amene anakutsogola anakhala nthawi yaitali ndithu boma lisanawalembe. Ndayamba ndi izi kuti zimene ndinene pambuyo pake usazitenge ngati zokunyengerera. Chimene amalume sanawerengere n'chakuti ndalama ya kabaza imadalira kuti njinga ikhale yamoyo ndi thupi likhale lamphamvu, pamene mphunzitsi akadwala malipiro ake saima, ndipo akafika zaka 60 amapuma ndi penshoni. Koma pamenepa sindikhalitsa, pakuti si pamene pagona funso lako.

Chimene ine ndinapindula, chimene sindikhulupirira kuti ndikanachipeza pa ntchito ina iliyonse, ndi kukhalapo pa tsiku limene mwana wayamba kuwerenga. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Nthawi imeneyo ndinali pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Mzimba, ndipo anandipatsa Sitandade 1 ya ana oposa 130, kalasi yake pansi pa mtengo wa mango, bolodi titaikoloweka pa nthambi. Ana onsewo kwawo ankalankhula Chitumbuka, ankandiitana kuti "asambizgi", ndipo ambiri Chichewa ankangochimvera pa wailesi. Makope ndi mapensulo anali osakwana, choncho malembo tinkawalemba pa mchenga ndi chala, ena tinkawaumba ndi dongo la kudambo n'kuwayanika padzuwa. Kwa miyezi yambiri umaona ngati ukutunga madzi ndi dengu, chifukwa ana amaimba "ma, me, mi, mo, mu" mokweza ndi mosangalala, koma ukaloza phatikizo limodzi palokha amangokuyang'ana. Kenako limafika tsiku limene mwana amene wakhala akungotsatira mawu a anzake amayang'anitsitsa pa bolodi, n'kulumikiza yekha "mo" ndi "to", n'kunena motsitsa kuti "moto", ndiyeno amakucheukira ndi maso odabwa, pakuti wazindikira kuti zolembedwa zija zimalankhula. Nkhope imeneyo ndaiona kambirimbiri pa zaka zonse zija, ndipo palibe tsiku limene inasiya kundigunda pamtima.

Ubwino wa zilankhulo zathu ndi wakuti zimalembedwa monga momwe zimatchulidwira, kotero mwana amene wagwira maphatikizo a Chichewa sachedwa kuwerenganso Chitumbuka cha kwawo. Chaka chotsatira, ana aja ali mu Sitandade 2, kunabwera agogo ena aakazi pa sukulu atasenza phava la nthochi, akufunsa mphunzitsi wa mdzukulu wawo. Mwana wawo wamwamuna ankagwira ntchito ku Joni, monga amachitira amuna ambiri a ku Mzimba, ndipo kalata iliyonse ikabwera ankapita nayo kwa mnansi kuti awawerengere, mwakuti mudzi wonse unkadziwa ndalama zimene zatumizidwa ndi mavuto a m'banjamo. Sabata imeneyo mdzukulu wawo anali atawawerengera yekha kalatayo m'nyumba, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, chitseko chili chotseka. Agogowo sanalankhule zambiri. Anangondigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Papita zaka pafupifupi 30, koma ndikamafunsidwa za phindu la uphunzitsi, dzanja limenelo ndi limene limayamba kubwera m'maganizo mwanga.

Tsono za mawu akuti ndi ntchito ya olephera, amenewo ndikuwakana, ndipo kuno kumpoto ndiko sayenera kunenedwa n'komwe. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun imene anatsegula kumeneko inkatenga ana anzeru kwambiri a m'sukulu za m'midzi n'kuwaphunzitsa uphunzitsi, ndipo aphunzitsi amenewo ndi amene anafalitsa kuwerenga m'midzi ya Atonga, Atumbuka, Angoni ndi Ankhonde, mpaka chigawo chino chinatchuka ndi sukulu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, anayamba ngati mphunzitsi wosulidwa ku Livingstonia. Ngakhale yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999, inayambira m'nyumba za koleji ya aphunzitsi, ndipo maphunziro ake oyamba anali a uphunzitsi. Zimenezi zikukhudzanso tsogolo lako, chifukwa satifiketi ya ku Karonga si mapeto a njira. Ungathe kudzachita dipuloma ku Domasi kapena ku Nalikule, kapena digiri ku Mzuni komweku, kumene ena amaphunzira ali pa ntchito, ndipo ngati mtima wako udzakokera kwa ana osaona kapena osamva, koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana otere.

Palinso dzina. Mphunzitsi akapuma pa ntchito amabweza makiyi ndi rejisitala, koma dzina lakuti "aphunzitsi" sabweza. Ndikamadutsa mumsika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa, sizichitika kawirikawiri kuti ndibwerere kunyumba popanda bambo wina wa ndevu kapena mayi wobereka mwana kundiimitsa, kugwira chigongono chake popereka moni, n'kundikumbutsa chaka ndi kalasi. Ena ndi anamwino, ena ndi apolisi, koma ambiri ndi ogulitsa tomato, okhoma zitseko ndi alimi, ndipo moni wa awa umandikoma chimodzimodzi, chifukwa akamawerengera chenji kapena kuyeza thabwa ndi tepi ndimadziwa kumene anayambira. Ulemu umenewu umabwera ndi katundu wake. Kumudzi mphunzitsi ndiye amalemba chipepeso pa maliro, ndiye mlembi wa kutchalitchi, ndiye amaitanidwa kukathandiza pa malo oponyera voti nthawi ya chisankho, ndipo akalakwitsa pa khalidwe mudzi wonse umaona. Ine katunduyo ndinamusenza mokondwa, koma uyenera kumudziwa usanalowe.

Chomaliza chimene ndikuuze n'chovuta kuchinena, koma n'choona. Ntchito imeneyi inandikonza ine mwini. Pamene ndinkayamba ndinali wa mtima wapachala, ndipo chaka changa chachitatu ndinakwapula mnyamata wina chifukwa chochedwa masiku atatu otsatizana, osamufunsa chifukwa. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi ake anali gone, ndipo iye ndiye ankatunga madzi ndi kuphikira azing'ono ake phala asananyamuke. Ndinapita kwawo kukapepesa, ndipo kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufunsa ndisanaweruze. Kudekha kumeneko n'kumene ndinalerera ana anga ndi kusungira banja langa, ndipo ndinakuphunzira kwa ana a eni.

Uphungu wanga ndi uwu: usanapite ku Karonga, pita kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale imene ili pafupi nawe, ukapemphe kukhala kumbuyo kwa kalasi ya Sitandade 2 kwa sabata imodzi. Ukamve phokoso, ukapume fumbi, ukaone ana akunjenjemera ndi chisanu cha m'mawa cha kuno. Ngati pofika Lachisanu udzapezeke kuti waloweza mayina a ana angapo ndipo pali mmodzi amene akukudetsa nkhawa chifukwa sakugwira pensulo bwino, pita ku koleji ndi mtima umodzi. Ngati udzakhale ukungoyang'ana nthawi, ukawauze amalume kuti mufunefune njira ina, pakuti mphunzitsi wosakonda ana amavutika yekha ndi kuvutitsanso ana kwa zaka zambiri.

FUNSO

Madamu, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya kumudzi kupitirira Ekwendeni. Ndagwira ntchito zaka 11 ndipo ndikadali pa giredi imene ndinayambira. Kalasi yanga ili ndi ana 118. Tikadandaula amatiuza kuti uphunzitsi ndi maitanidwe, koma wa golosale salandira maitanidwe. Kale ndinkakondwa ndikalowa m'kalasi, koma masiku ano ndimangowerenga masiku. Kodi chimwemwe chimene mumanena chimabwereranso?

YANKHO

Aphunzitsi anzanga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikugwirizana nanu kuti mawu akuti maitanidwe amapweteka akanenedwa ndi cholinga chotseka munthu pakamwa. Kukonda ana sikuchotsa ufulu wanu wolandira malipiro okwanira pa nthawi yake, kapena wokwezedwa pa ntchito. Ndondomeko ya boma imati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, choncho inu mukusenza katundu wa anthu awiri, ndipo kutopa kwanu si chizindikiro chakuti mwasanduka mphunzitsi woipa. Nkhani ya giredi muzipita nayo kumene iyenera kupita: kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulaimale a zoni yanu, ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, ndi ku bungwe la aphunzitsi la TUM, ndipo muzilemba kalata n'kusunga kope lake, chifukwa dandaulo la pakamwa limathera pakhomo la ofesi. Inenso chaka china, nditasamutsidwa, dzina langa linasowa pa mndandanda wa malipiro kwa miyezi itatu, ndipo ndinalowa katapila amene ananditengera chaka chathunthu kuti ndituluke. Ngati mungathe, lowani SACCO kapena banki m'khonde yodalirika, pakuti palibe chimene chimazimitsa chimwemwe cha m'kalasi msanga ngati wangongole woima pa chipata cha sukulu.

Za funso lanu lenileni, yankho langa n'lakuti chimabwerera, koma sichibwerera kwa ana 118 nthawi imodzi. Munthu ukatopa, kalasi imasanduka khamu lopanda nkhope, ndipo khamu silikondedwa. Chimene chinandithandiza ine pa zaka zanga zouma chinali kusankha ana asanu okha pa teremu, makamaka aja okhala kumbuyo amene palibe amayembekezera kanthu kwa iwo, n'kulemba m'kope langa pamene aliyense ali: uyu sadziwa kubwereka pochotsera, uyu amasokoneza "b" ndi "d", uyu amajomba tsiku la msika. Enawo ndinkawaphunzitsa monga mwa masiku onse, koma asanuwa ndinkatsala nawo mphindi 15 tikaweruka. Pakutha pa teremu ndinkakhala ndi chinthu chooneka chimene manja anga achita, ndipo teremu yotsatira ndinkasankha ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, ndipo m'kalasi yodzaza kudekhako kumafuna kuti uchepetse malo oyang'ana. Muganizirenso zopempha a hedi kuti akusintheni kalasi. Amene wakhala zaka zambiri mu Sitandade 8, akuthamangitsana ndi mayeso a PSLCE ndi kuyezedwa ndi chiwerengero cha osankhidwa kupita ku sekondale, nthawi zina amatsitsimuka akatsikira ku Sitandade 3, kumene kusintha kwa mwana kumaoneka sabata ndi sabata.

Ndikuuzeninso za chinthu chimodzi chimene chinandibwezera mtima pa nthawi imene ndinali nditalemba kale kalata yosiya ntchito. Mtsikana wina wa Sitandade 7, wakhama pa masamu, anasiya sukulu chifukwa cha pathupi. Kuyambira mu 1993 dziko lathu lili ndi ndondomeko yolola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akabereka, koma makolo ake sankaidziwa, ndipo ngakhale ataimva anaopa kuti mwana wawo akasekedwa. Ine ndi amayi awiri a pa komiti ya sukulu tinayenda ulendo wa kwawoko kanayi, wapansi, nthawi ya dzinja, ndipo ulendo wachinayi agogo ake anavomera kusunga khandalo m'mawa uliwonse. Tsiku limene analowanso m'kalasi ndinamukhazika pa benchi ya kutsogolo, ndipo ndinali nditalankhula kale ndi anzake kuti pasamveke mawu onyoza. Lero amaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya CDSS. Kalata yanga yosiya ntchito ija sindinaipereke, ndipo chimene chinandiletsa chinali kuona kuti pa mudzi wonsewo panalibe munthu wina, kupatula ife atatu, amene akanayenda maulendo anayi aja. Pa sukulu yanu palinso mwana amene njira yake ikudalira inu mwa mtundu umenewu, ndipo mwina mukumudziwa kale dzina.

Komabe sindikufuna kukumangani ndi mawu okoma. Ngati mwayesa zonsezi kwa chaka ndipo mtima ukukanabe, kusiya si tchimo, ndipo luso lanu lofotokoza zinthu momveka, losunga zolemba ndi loyendetsa gulu la anthu lidzakuthandizani kulikonse. Ndingokupemphani kuti chiganizo chimenecho musachipange pa 25 pa mwezi, m'thumba muli mbee, koma nthawi ya tchuthi chachikulu, mutapuma, mutakambirana ndi akunyumba. Ndipo pa misonkhano ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanako, musamakhale chete. Mwa aphunzitsi amene mumakhala nawo pamenepo, ambiri anadutsa m'chigwa chomwechi, ndipo ena a iwo ali ndi njira zophunzitsira kalasi yaikulu m'magulu zimene zingakuchepetsereni kukuwa ndi kuchonga makope mpaka usiku.

FUNSO

Madamu, ndine namwino kuno ku Mzuzu. Pali aphunzitsi ena aamuna amene anandigulira yunifolomu ndi makope bambo anga atamwalira ndili mu Sitandade 6. Ndamva kuti anapuma pa ntchito ndipo ali kumudzi kwawo ku Rumphi. Ndimafuna kukawathokoza, koma ndimachita manyazi chifukwa papita zaka 19, mwina anandiiwala, ndiponso ndilibe mphatso yofanana ndi zimene anandichitira. Ndichite bwanji?

YANKHO

Mwana wanga, pitani. Mwina nkhope yanu sadzaizindikira msanga, pakuti anakusiyani muli kamtsikana, koma mukatchula dzina lanu, la bambo anu ndi chaka, mudzaona okha akuyamba kukuuzani pamene munkakhala m'kalasi. Ife aphunzitsi timasiyana ndi ana athu nkhani yawo ili pakati, ndipo ambiri sitimva mmene inathera. Yunifolomu imene anagula ija akhala akudzifunsa kwa zaka 19 ngati inafika penapake. Za mphatso musade nkhawa. Paketi ya shuga, sopo ndi bulangete la nthawi ya chisanu n'zokwanira, ndipo ngati pakhomopo pali amayi, muwatengere chitenje, chifukwa ndalama ya yunifolomu ija inachoka pa ndiwo za banja lonse. Mulembenso kalata ya pamanja yofotokoza zimene mukukumbukira ndi kumene mwafika, kuti mukaisiye m'manja mwawo. Zanga zotere ndimazisunga m'Baibulo ndipo ndimaziwerenga kawirikawiri. Popeza ndinu namwino, mutenge makina oyezera kuthamanga kwa magazi mukawayeze onse awiri, pakuti pa msinkhu wawo ambiri sayezetsa. Mukwere minibasi ya ku Rumphi Loweruka limene simuli pa ntchito, mvula isanayambe kuwononga misewu ya kumidzi, ndipo mutenge yunifolomu yanu ya unamwino m'chikwama kuti mukaivale mukafika, akakuoneni nayo.